KUCHITA APILO NDI KUPEMPHA BELO

Munthu akaweruzidwa pa bwalo la Majisitireti kuti alowe m'ndende, si ndiye kuti mlandu wache wathera pomwepo iai. Lamulo Lalikulu la dziko la Malawi la chaka cha 1994, pa ndime 42, lipatsa munthu wotere ufulu wokadandaula ku bwalo lapamwamba. Kudandaula kumeneku ndiko kutchedwa apilo.

Apilo yochokera kwa Majisitireti ipita ku Bwalo Lalikulu, limene likhala ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Pamwamba pa Bwalo Lalikulu pali bwalo lotsiriza, la Supreme Court of Appeal.

Masiku 10 Okha

Chofunika koposa ndi kusachedwa. Wofuna apilo ayenera kudziwitsa Bwalo Lalikulu m'kalata pasanathe masiku 10 chiweruzidwire mlandu. Pambuyo pache alemba zifukwa zache: kapena kuti umboni unali wosakwanira, kapena kuti chilango chaposa kulakwa. Ali m'ndende apereka makalata ache kwa mkulu wa ndendeyo, ndipo iye awatumiza. Wochedwa ayenera kuyamba wapempha chilolezo, ndipo jaji sapereka popanda chifukwa chomveka.

Munthu amene anabvomera yekha mlandu angathe kudandaula za chilango chokha, kuti chakula kapena kuti lamulo silichilola. Adziwenso kuti jaji ali ndi mphamvu yochepetsa chilango, yochisiya monga chiliri, ngakhalenso yochionjezera. Chifukwa chache apilo si chinthu chochita mongoyesa mwai.

Belo Poyembekeza Apilo

Abale ambiri aganiza kuti apilo ikalembedwa munthu wao atuluka tsiku lomwelo. Sizitero. Mlandu usanazengedwe, lamulo liyesa munthu wosalakwa, ndipo belo sibvuta kwambiri. Koma bwalo likampeza wolakwa, zinthu zasintha: tsopano ndi iye amene ayenera kuonetsa chifukwa chapadera choti atulukire.

Pempho la belo lipita ku bwalo lomwe linamuweruza kapena ku Bwalo Lalikulu. Oweruza ayang'ana makamaka zinthu ziwiri. Choyamba, kodi apiloyo ioneka kuti ingapambane? Chachiwiri, kodi munthuyo adzakhala atatsiriza chilango chonse apilo isanamvedwe? Wopatsidwa miyezi 6 angathe kutsiriza ukaidi wache jaji asanaone makalata, ndipo kupambana kwache kudzakhala kopanda phindu. Wopatsidwa zaka 10 sanganene zotero. Kungonena kuti kumudzi kwatsala ana kapena munda wosalima kawirikawiri sikukwanira.

Belo ikaloledwa, bwalo lifuna anthu odalirika omuimira, mwinanso chikole cha ndalama, ndi kuti azikaonekera kupolisi masiku oikika. Ndalama ya chikole iperekedwa ku ofesi ya bwalo, ndipo woperekayo alandire risiti. Belo si kumasulidwa iai. Apilo ikalephera, munthuyo abwerera kundende. Akathawa, omuimira aja ndiwo alipa.

Wosauka asataye mtima poganiza za mtengo wa loya. Boma liri ndi ofesi ya Legal Aid Bureau yothandiza anthu osowa ndalama pa milandu. Aphunzitsi ndi ena odziwa kuwerenga achita bwino kufotokozera anzao mau awa, makamaka za masiku 10 aja, pakuti abale akayamba kusonkha ndalama ndi kufunsana kwa amalume, masikuwo sayembekeza.