Phunziro: Nambala imeneyi mwaitenga kuti?

Pa msonkhano wina wa kalabu ya achinyamata kuno ku Usisya, mnyamata wina anaimirira n'kunena molimba mtima kuti, "Theka la asodzi a pa doko lathu ali ndi kachilombo." Ena anavomereza, ena anangoti chete. Ife alangizi a zaumoyo tinamufunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, nambala imeneyi mwaitenga kuti?" Iye anati anamva pa bawo. Amene anamuuzayo naye anamva m'boti pochokera ku Nkhata Bay. Palibe amene anawerenga asodziwo, palibenso amene anawayeza magazi.

Pa msonkhanowo panali ana a asodzi. Taganizani mmene anamvera mumtima. Nambala yopanda gwero imabala kusalana pamudzi, ndipo ikafika kwa anthu okonza mfundo za dziko imatha kuphetsa anthu ambiri. M'phunziro lino tiona kumene ziwerengero za HIV zimachokera, ntchito imene zimagwira, ndi mmene tingasiyanitsire zoona ndi mphekesera.

Kodi boma limadziwa bwanji chiwerengero?

Munthu woyamba kupezeka ndi matenda a Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985. Kwa zaka zambiri zotsatira, Unduna wa Zaumoyo unkadalira magazi a amayi oyembekezera obwera ku sikelo m'zipatala zingapo zosankhidwa. Kuchokera pa zotsatira zawo, akatswiri ankayerekeza mmene zinthu zilili m'dziko lonse. Njirayi inathandiza, koma inali ndi polekezera. Sinkafikira abambo, amayi amene sali oyembekezera, kapena anthu okhala kutali ndi chipatala.

Mu 2004 ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita kafukufuku woyenda khomo ndi khomo, ndipo kwa nthawi yoyamba anayeza magazi a abambo ndi amayi amene anavomera. Anapeza kuti pafupifupi anthu 12 mwa anthu 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilombo ka HIV. Kafukufuku ngati yemweyo wa mu 2010 anapeza pafupifupi anthu 11, ndipo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse.

Kukonza nambala si manyazi. Mu 2007 bungwe la UNAIDS linatsitsa chiwerengero cha anthu okhala ndi kachilombo padziko lonse kuchoka pa 39.5 miliyoni kufika pa 33.2 miliyoni. Sikuti anthu anachira ayi, koma njira yowerengera inakonzedwa. Ku India kokha, chiwerengero chinatsika kuchoka pa 5.7 miliyoni kufika pa 2.5 miliyoni. Wofufuza weniweni akapeza umboni watsopano amasintha zimene ananena. Wofalitsa mphekesera amangokakamira.

Pamene atsogoleri akana umboni

Ambiri a ife kuno ku Nkhata Bay tili ndi abale ku Joni, choncho nkhani ya ku South Africa si yachilendo. Thabo Mbeki, yemwe anali pulezidenti kuyambira 1999 mpaka 2008, ankakayikira zoti kachilombo ka HIV ndi kamene kamayambitsa Edzi. Nduna yake ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkatama adyo ndi mandimu pamene anthu ankafuna ma ARV. Boma linachedwa kuyamba kugawa mankhwalawa. Mu 2008 akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America anawerengetsa kuti anthu oposa 330,000 anamwalira pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha kuchedwaku, ndipo ana pafupifupi 35,000 anabadwa ndi kachilombo pamene akanatha kutetezedwa.

Kwathu kuno makolo athu amakumbukira chaka cha 1995, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe. Panalibe umboni woti mankhwalawo amachotsa kachilombo m'thupi. Chimene chinasonkhanitsa anthu ndi mawu akuti "ndamva kuti".

Pamene umboni wapulumutsa miyoyo

Boma la Malawi linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004. Koma pa nthawiyo mayi woyembekezera, kuti ayambe kumwa mankhwalawa moyo wake wonse, ankayenera kuoneka kuti wadwalika kapena kuyezedwa chitetezo cha m'thupi ndi makina a CD4. Makinawa m'zipatala zambiri zakumudzi munalibe. Ife a ku Usisya tikudziwa tanthauzo la kuuzidwa kuti "mukayezetse kuchipatala chachikulu": ndi ndalama ya boti kapena ulendo wokwera phiri.

Akuluakulu a zaumoyo ataona kuti amayi ambiri sakuyamba mankhwala, anasintha mfundo. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV pompo, osadikira makina. Njirayi inatchedwa Option B+. Ena ankakayikira, koma makaundula a m'zipatala anayankha. M'miyezi itatu ya April mpaka June 2011, amayi otere amene anayamba mankhwala anali 1,257. M'miyezi itatu ya July mpaka September 2012 anali 10,663. Mu 2013 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika njirayi m'malangizo ake, ndipo mayiko ambiri anatengera kwa ife.

Onani bwino anzathu: nambala zimene zinakhutiritsa dziko lonse zinachokera m'mabuku olembedwa pamanja ndi anamwino ndi alangizi ngati ife. Zimene timalemba kuno zimapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Nkhata Bay, kenako ku Lilongwe. Kumeneko amaziona poganiza kuchuluka kwa mankhwala, makondomu ndi zipangizo zoyezera magazi zoti atumize. Tikalemba zochepa, katundu amatha msanga. Tikakokomeza, timalanda gawo la anzathu a kwina.

Mafunso anayi oyesera nambala

Akulu anati safunsa anadya phula. Mukamva nambala pa wailesi, pa WhatsApp kapena pa sewero, ifunseni mafunso awa.

1. Anawerenga ndani? Gwero lenileni limakhala ndi dzina, monga Unduna wa Zaumoyo, National AIDS Commission kapena National Statistical Office. Mawu akuti "madokotala akuti" si gwero.

2. Anawerenga liti? Nambala ya 2004 ndi yoona pa za 2004. Kuitchula ngati ya lero ndi kunamiza anthu.

3. Anawerenga anthu ati? Anthu obwera kuchipatala atadwala safanana ndi mudzi wonse. Nambala ya dziko lonse si nambala ya Usisya, Kande kapena Chintheche. Zaka za anthu owerengedwa nazonso zimasintha yankho.

4. Kodi wina angathe kutsimikiza? Ngati nkhaniyo ndi yoona, munthu wina atha kupeza lipotilo n'kuwerenga zomwezo.

Chinanso choti tidziwe n'chakuti nambala yoona imafuna kuimvetsa. Chiwerengero cha anthu okhala ndi kachilombo chikamatsika pang'onopang'ono, si kuti ntchito yalephereka. Anthu omwa ma ARV mokhulupirika akukhala ndi moyo wautali, ndipo amawerengedwabe. Choncho tizifunsanso kuti ndi angati atenga kachilombo kumene, nanga ndi angati amwalira.

Mbali yathu ngati kalabu

Choyamba, ofufuza ovomerezeka akafika m'mudzi kudzera kwa amfumu, tiwalandire ndi kuyankha zoona. Kuyezetsa sikokakamiza, koma anthu ambiri akakana zotsatira zimapotoka. Mu kafukufuku wa 2004, anthu ambiri a m'boma la Lilongwe sanayezedwe, moti akatswiri anachenjeza kuti chiwerengero cha bomalo sichinali chodalirika.

Chachiwiri, tilimbikitse abale amene akusamuka kutsatira usipa ku madoko ena kuti adziwitse achipatala n'kutenga kalata yosamukira. Akapanda kutero, kuno amalembedwa kuti anasiya mankhwala, pamene uko atha kulembedwa ngati munthu watsopano. Munthu mmodzi amasanduka nambala ziwiri zabodza.

Chachitatu, polemba lipoti la kalabu tisawonjezere. Ngati ku sewero kunabwera anthu 40, tilembe 40, ngakhale tikufuna kusangalatsa otithandiza.

Chachinayi, tisunge chinsinsi. Kafukufuku amafuna chiwerengero, safuna maina. Palibe wa kalabu amene ali ndi ufulu woloza nyumba ya munthu.

Mnyamata uja tinamupempha kuti pa msonkhano wotsatira abwere ndi nambala imodzi yokhala ndi gwero ndi chaka chake. Ntchito yomweyi tikuipereka kwa kalabu iliyonse. Mukasowa poyambira, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Mafunso okambirana

1. Tchulani nkhani imodzi ya HIV imene munamva posachedwa. Kodi ikupambana mafunso anayi aja?

2. Ndi anthu ati m'dera lathu amene amasalidwa chifukwa cha nambala zopanda umboni?

3. Mungamuyankhe bwanji mwaulemu munthu wamkulu amene akufalitsa nkhani yoti kwapezeka mankhwala ochiza Edzi?

4. Kodi buku la kalabu yathu lili ndi nambala zimene mlendo angathe kutsimikiza?