Woyendera Nyumba ndi Makoswe a m'Komboni

Mzinda wa Lusaka unakhala likulu la dziko lathu m'caka ca 1935. Kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akufika kucokera ku Petauke, ku Mongu, ku Kasama ndi kwina konse kudzafuna nchito. Ambiri anamanga nyumba zao m'makomboni monga Kanyama, Chawama, Kalingalinga ndi George, ndipo ena anapeza malo ku Matero ndi ku Mtendere. Nyumba za m'komboni ziri zoyandikana, kotero kuti munthu akhoza kumva mnansi wace akutsokomola usiku. Koma pamene pacuruka anthu pamacurukanso ufa, makombo ndi zinyalala, ndipo pali nyama imodzi imene imatsata munthu kulikonse cifukwa ca zinthu zimenezi. Nyamayo ndiyo khoswe.

Khonsolo ya mzinda wa Lusaka iri ndi anchito oyang'anira za umoyo, ndipo mbali ina ya nchito yao ndiyo kuyendera misika, masitolo ndi malo okhala anthu. Tiyeni lero titsagane ndi mmodzi wa iwo ku nyumba ina ya ku Kanyama, kuti tiphunzire kuona monga momwe iye amaonera.

Zimene anapeza

"Odi kuno!" anatero woyendera uja ataima pa khomo.

"Lowani, Bambo," anayankha mai wa pa nyumbapo. "Koma ndasesa kale m'mawa, simupezamo kanthu."

Zoonadi, pansi panali pong'anima ndipo mbale zinali zotsukidwa bwino. Mlendoyo anayamika ukhondo wao, kenaka anaturutsa tochi napempha mwana wao wamwamuna, wophunzira mu giredi 6, kuti amthandize kusuntha kabati ndi thumba la ufa limene linatsamira khoma. Kumbuyo kwace kunali tinthu takuda tambirimbiri, tosongoka uku ndi uku, totalika ngati sentimita imodzi.

"Kodi makoswe mumawaona, Amai?"

"Iai, sitinaonepo ndi mmodzi yemwe. Timangomva kanthu kakuthamanga pa mitanda ya denga usiku."

"Khoswe saoneka masana kawirikawiri," anatero iye, "koma amasiya mboni. Izi ndi zitosi zace. Taona, iwe mnyamata, usakhudze. Izi zakuda ndi zonyezimira ndi za usiku wathawu. Izo zotuwa ndi zouma ndi zakale. Ndipo popeza zina ndi zazikulu, zina zazing'ono, tidziwa kuti muno muli akuluakulu ndi ana omwe. Aswana kale."

Anaunika m'munsi mwa khoma nawasonyeza mzere wothimbirira ngati wa mafuta. Khoswe saona bwino, cotero amayenda motsata khoma pa njira imodzimodzi usiku ndi usiku, ndipo litsiro la ubweya wace limatsala pamenepo. Atatsata mzerewo anafika pa ngodya ya citseko, pamene thabwa linatafunidwa. Thumba la ufa linali lobooka kunsi, sopo anali ndi mikwasa ya mano, ndipo waya wa magetsi wopita ku cipinda unali wosendeka mpaka mkuwa kuonekera.

Mano a kutsogolo a khoswe amakula moyo wace wonse. Nyamayi imatafuna mitengo, pulasitiki, mabuku, zobvala ngakhale zinthu zosadyeka. Waya wosendeka cotero ukhoza kuyatsa moto usiku anthu ali m'tulo. Cifukwa cace woyendera uja analangiza kuti azime magetsi a cipindaco kufikira atabwera mmisiri wodziwa nchitoyo.

Cifukwa cace tiopa zitosi

Mai uja anathamangira tsache. Koma mlendoyo anati, "Dikirani pang'ono, Amai. Tsache louma ndilo lingakudwalitseni."

Zitosi ndi mkodzo wa makoswe zimakhala ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Zikagwera m'cakudya zimabweretsa matenda otsegula m'mimba. Zikauma zimasanduka fumbi, ndipo munthu akasesa, fumbilo limauluka, kulowa m'mphuno ndi kugwera m'mbale ndi m'ndowa ya madzi akumwa.

Mkodzo uli ndi ngozi yace yapadera, matenda ochedwa leptospirosis. Inu a ku Kanyama mudziwa kuti nthawi ya dzinja madzi amaima m'misewu ndi m'mabwalo masiku ambiri, cifukwa dzikolo ndi lacidikha ndipo pansi pace pali thanthwe. Madzi otere amakokolola mkodzo wa makoswe kucokera m'mauna ndi m'ngalande. Mwana akasewera m'menemo ali ndi cironda ku phazi, tizirombo tikhoza kulowera pa cirondaco. Wodwalayo amatentha thupi, mutu ndi minofu zimawawa monga ngati malungo, ndipo nthawi zina maso amasanduka acikasu. Munthu wotere apite naye ku cipatala msanga, ndipo auze adokotala kuti anaponda madzi osefukira.

Palinso mliri wa makoswe, umene sufalikira ndi zitosi koma ndi nthata, zimene ena amazicha utitiri. Kacirombo ka mliriwu kanapezeka ndi dokotala Alexandre Yersin ku Hong Kong m'caka ca 1894, ndipo mu 1898 dokotala wina, Paul-Louis Simond, anasonyeza kuti nthata ndizo zimakatenga kwa khoswe. Tisaganize kuti iyi ndi nkhani ya maiko akutali okha. M'dziko lathu lino mliriwu unabuka m'cigwa ca Luangwa mu 1917, ku Namwala mu 1997, ku Petauke mu 2001 ndi ku Nyimba mu 2015. Wodwala amatentha thupi modzidzimutsa ndi kutupa mwanabere wowawa kwambiri m'mphecepece, m'khwapa kapena m'khosi. Mankhwala ace alipo, ndipo amaciritsa munthu akafika msanga.

Khoswe wodwala akafa, thupi lace limazizira, ndipo nthata zimamcoka kukafuna magazi ena. Zikasowa khoswe zimaluma munthu. Tsono mukaona makoswe akufa okha popanda wowapha, musawagwire ndi manja. Uzani akulu kuti akanene ku cipatala. Pa nthawi ya mliri anchito a umoyo amayamba kupha nthata, pambuyo pace makoswe.

Kacotsedwe ka zitosi

Woyendera uja anatsegula citseko ndi mazenera onse, ndipo onse anakakhala panja mphindi 30 kuti mphepo ipite m'nyumba. Kenaka anasakaniza kapu imodzi ya Jik ndi makapu 9 a madzi. Mai uja anamanga nsalu kukamwa ndi kumphuno, ndipo popeza analibe magolovesi anabvala timatumba ta pulasitiki tosabooka m'manja. Anathira madziwo pa zitosi mpaka zinanyowa ndithu, nadikira mphindi 5. Atatero anazipukuta ndi mapepala akale, naziika m'thumba la pulasitiki ndi kulimanga. Anakolopa pansi ndi madzi omwewo, natsuka mbale zonse za m'kabati, ndipo potsiriza anasamba m'manja ndi sopo. Mnyamata uja anangopenyerera, pakuti iyi ndi nchito ya akulu, ndipo Jik sayenera kusakanizidwa ndi mankhwala ena alionse.

Tsono anafika pa nkhani yowawa. M'thumba la makilogramu 25 munatsala ufa wa masiku angapo, ndipo munali zitosi.

"Uwu ndingosefa, Bambo," anatero maiyo. "Ufa ndi ndalama. Ana adya ciani?"

"Ndikumva, Amai, inenso ndine kholo. Koma sefa imagwira zitosi zokha, siigwira mkodzo. Ufa wa masiku atatu ungagulidwenso. Mwana akadwala mudzataya zambiri koposa."

Maiyo anakhala cete kanthawi, kenaka anabvomera. Sanautaye pa dzala, pakuti kumeneko kukanakhala kuphikira makoswe phwando, koma anaukwirira m'dzenje lakuya.

Kutseka njira

"Madzulo ano ndikagula mankhwala a makoswe ku msika," anatero maiyo.

Woyendera uja anapukusa mutu. "Akuluakulu anati, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Muno mumaphika momwemo, ndipo muli mwana wokwawa amene amaika ciriconse m'kamwa. Mankhwala ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina apha ana, nkhuku ndi amphaka. Ndiponso khoswe akadya amakafera pobisika ndi kununkhitsa nyumba. Cherani msampha."

Anawaphunzitsa kuika msampha pa mzere wothimbirira uja, mogundana ndi khoma, pamene mwana sangafike, ndi kuikapo nyambo ya nsawawa kapena kapenta. Khoswe amakayika cinthu cacilendo, cotero ndi bwino kusiya msampha wosachera masiku awiri kapena atatu kuti auzolowere. Khoswe wogwidwa amthire madzi a Jik aja, amnyamule ndi fosholo ndi kumkwirira.

Koma kupha kokha sikutha bvutoli. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu okha, amaswa ana 5 kufikira 8 kapena kuposa, ndipo anawo amayamba kuswa atakwana ngati miyezi itatu. Mukapha khumi koma cakudya cikadalipo, ena amadza kudzalowa m'malo mwao. Khoswe amakhala pamene wapeza cakudya, madzi ndi pobisala. Mukamlanda zimenezi amasamuka yekha.

Cotero anapangana kuti ufa, nyemba ndi mpunga zikhale m'cidebe kapena m'mgolo wa citsulo wokhala ndi cibvundikiro. Mbale zisagone ndi makombo, ndowa ya madzi ibvundikiridwe, ndipo katundu acoke pa khoma kuti tsache lizifika kumbuyo. Khoswe amalowa pa ciboo ca masentimita 2 okha, ngati polowa cala cacikulu ca munthu wamkulu. Ziboo za m'khoma azimate ndi simenti, kunsi kwa citseko akhomereko lata, ndipo mpata wa pakati pa khoma ndi malata autseke. Nsanza ndi mapepala sizithandiza, pakuti khoswe amazitenga kukamangira cisa.

Pomaliza anaturuka kunja ndi kuzungulira nyumba. Kuseri kunali mulu wa zinyalala, matayala akale ndi njerwa zoswekasweka, ndipo m'munsi mwace munali mauna atatu.

"Khoswe wa pa denga waulula wa pa dzala," anatero mlendoyo akuseka.

"Koma dzalali si langa ndekha, Bambo. Mabanja asanu a pa poloti pano timataya pamenepa."

"Ndico cifukwa cace ndifuna kulankhula ndi onse, pamodzi ndi eni nyumba. Khoswe sadziwa malire a poloti. Inu mukatseka kwanu adzapita kwa anansi, ndipo citseko canu cikadzaola adzabweranso. Mutu umodzi susenza denga."

Loweruka lotsatira mabanja onse asanu anacotsa muluwo, nagwirizana kusunga zinyalala m'mgolo wobvundikira kufikira tsiku lozitenga.

Za mileme

Si zitosi zonse za m'denga ziri za khoswe. M'nyumba za siling'i, m'masukulu ndi m'machalichi mumagona mileme ing'onoing'ono yodya tizirombo touluka. Zitosi zace zimaunjikana pamodzi pansi pa pamene imalendewera. Mukazikanikiza ndi kamtengo zimanyenyeka msanga ndi kuonetsa tizidutswa tonyezimira ta mapiko a tizirombo, pamene za khoswe zimakhala zolimba. Fumbi lace likhoza kudwalitsa mapapo, cotero nazonso zicotsedwe zitanyowetsedwa, ndipo wocotsayo aphimbe mphuno ndi pakamwa.

Mileme isaphedwe, pakuti imatithandiza pakudya udzudzu ndi agulugufe oononga mbeu. Koma isagwidwenso ndi manja, cifukwa ina imakhala ndi matenda onga ciwewe. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Njira yabwino ndiyo kupenya madzulo pamene ikuturukira, ndi kutsekapo yonse itaturuka, pa nyengo imene mulibe ana osauluka m'katimo.

Woyendera wamng'ono

Asanacoke, mlendo uja anapatsa mnyamatayo nchito. Anamuuza kuwaza phulusa losalala m'munsi mwa khoma madzulo alionse, ndi kuyang'ana m'mawa asanapite ku sukulu. Masiku oyamba anapeza timapazi ndi mzere wa mcira. Sabata laciwiri timapazito tinacepa. Pakutha kwa mwezi phulusa linkaca monga momwe analiwazira, ndipo pa denga panali zii.

Inunso mukhoza kucita cimodzimodzi kwanu. Woyendera wa Khonsolo sangafike pa nyumba iriyonse mwezi ndi mwezi, koma inu mumagona momwemo. Yang'anani kumbuyo kwa kabati, kunsi kwa kama ndi pa mitanda ya denga, ndipo mukapeza zitosi musathamangire tsache. Itanani akulu, ndi kuwauza zimene mwaphunzira lero.

Mafunso

1. Chulani zizindikiro zinai zimene woyendera nyumba anapeza.
2. Kodi zitosi zatsopano timazisiyanitsa bwanji ndi zakale?
3. Cifukwa ninji sitiyenera kusesa zitosi zouma? Longosolani kacotsedwe kace koyenera.
4. Kodi tiyenera kucitanji tikaona makoswe akufa okha?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka." Kodi anthu amaunena pa nkhani zotani?
6. Makoswe akazi 3 aswa ana 6 aliyense, kanai pa caka. Kodi ana onse ndi angati?

Zocita

Wazani phulusa m'munsi mwa khoma la kwanu masiku 7, ndipo lembani m'kope zimene mwaona tsiku ndi tsiku.