KODI ANA ATSALA NDI YANI?

Phunziro ili likhudza nyumba imene bambo ndi mai onse awiri agwira nchito ya malipiro, ndipo ali nao ana ang'ono awiri kapena atatu. Muyambe mwawerenga Eksodo 2:1-10 ndi Luka 14:28-30. Pa malo oyambawo tiona khanda Mose lisungidwa ndi anthu atatu: mai wace wolibisa, mlongo wace woliyang'anira pamtsinje, ndi mwana wamkazi wa Farao wolipira ndalama za kuliyamwitsa. Pa malo aciwiri Ambuye aphunzitsa kuti munthu wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerenga mtengo wace. Kulera ana kuposa kumanga nsanja. Tsono tiyeni tiwerenge mtengo wa njira iri yonse yosungira ana, ndi kufunsanso kuti mtengowo aulipira ndani.

Mudzi wa Simonga

Citsanzo cathu ticitenga kutali ndi kwathu kuno kum'mawa, ku Simonga, mudzi wa kumadzulo kwa Livingstone, pa mseu wopita ku Kazungula, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. Anthu a kumeneko alankhula Cilozi ndi Citonga, koma m'tauni ya Livingstone Cinyanja cimveka ndithu, ndipo ana athu ena a ku Chipata, Katete ndi Petauke apita komweko kukafuna nchito. Cuma ca dera lija cidza ndi alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene David Livingstone anawaona mu 1855. M'mbali mwa mtsinje anamangamo nyumba za alendo, zimene azicha maloji, ndipo anthu a m'midzi yoyandikana alembedwako nchito yophika, yocapa, yoyala mabedi, yoyendetsa mabwato ndi yolonda.

Nchito yotere isiyana ndi ya kumunda. Mai wopita kukalima abereka mwana kumbuyo, namgoneka pamthunzi pafupi ndi khasu lace. Koma mai woyala mabedi a alendo sangatero. Alendo adya m'mamawa ndi usiku, tsiku la Sabata ndi pa Krisimasi pomwe. Ndipo pamudzi potsala anapo pali zoopsa: mumtsinje muli ng'ona ndi mvuu, njobvu zifika m'minda, ndi pamseu padutsa malori akulu opita ku mlato wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021. Kale abambo a kwathu popita ku Wankie, ku Salisbury kapena ku Joni anasiya ana m'manja mwa amai ao, ndipo malume ndi mbumba yonse analipo. Lero mai yemwe apita ku nchito, ndi mudzi wa makolo watsala kutali.

Cimene lamulo lipatsa makolo

Lamulo la nchito la Zambia la caka ca 2019 lipatsa mai chuthi ca kubala ca masabata 14, ndipo alandira malipiro athunthu ngati wagwira kwa bwana mmodzi zaka 2 zosadukiza. Wobala mapasa amuonjezera masabata 4. Atabwerera ku nchito apatsidwa ola limodzi tsiku ndi tsiku la kuyamwitsa, kufikira mwana akwana miyezi 6. Bambo apatsidwa masiku 5 mwana atabadwa, ndipo wanchito ali nao masiku 7 pa caka a kudwazika mwana kapena mnzace wa m'banja. Mkristu adziwe zimenezi, nazipemphe mwaulemu ndi mopanda mantha. Komatu masabata 14 satha kufika ngakhale pa miyezi 6 ija imene a cipatala alangiza kuti mwana ayamwe bere lokha. Kuyambira pamenepo kufikira mwana akwana zaka za kusukulu, makolo ayenera kupeza manja ena. Njira zace ziripo zinai.

Njira yoyamba: agogo

Iyi ndiyo njira ya makolo athu, ndipo Malembo ailemekeza. Naomi anakhala mlezi wa Obedi mwana wa Rute, ndi Paulo akumbuka cikhulupiriro ca Loisi, agogo a Timoteo. Kwa agogo mwana apeza cikondi cosagula ndi ndalama, aphunzira cinenero ca kwao, ulemu ndi pemphero.

Koma tisanene kuti agogo alera kwaulere. Akadza kutauni asiya munda wao, ndipo nkhokwe ya caka cimeneco icepa. Ana akatumizidwa kumudzi, pafunika ufa, sopo, zobvala, mankhwala ndi ndalama ya basi, ndiponso khanda lileka bere nthawi isanakwane. Mu 2024, pamene cilala cinaononga cimanga ndi boma linalengeza tsoka la dziko m'mwezi wa February, ana otumizidwa kumudzi opanda thumba la ufa anagawana njala ndi nkhalamba. Kumbukiraninso mphamvu zao. Mdzukulu mmodzi agogo ambereka mokondwa. Koma khanda, wina wokwawa ndi wina wothamangira kumseu, onse pa msana wa munthu wodwala miyendo, ndiwo katundu woposa msinkhu wace.

Njira yaciwiri: mlezi wolipidwa

Ulezi ndiwo nchito yaulemu. Debora mlezi wa Rebeka pomwalira anamlira monga mbale, ndi manda ace achulidwa m'Genesis 35. Mlezi akhala ndi ana panyumba pao, angathe kufika m'mamawa, ndipo asunga ndi khanda lomwe.

Mtengo wace ndi uwu. Mu January 2024 boma linaika malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba pa K1,300 pa mwezi, ndi a wanchito wamba wa kukampani pa K2,313. Tsono mai wolandira malipiro otsikawo, akalipira mlezi monga mwa lamulo la caka cimeneco, atsala ndi K1,013. Gawo loposa theka lapita. Cifukwa cace ambiri alipira mlezi ndalama yocepa, kapena amcedwetsa miyezi iwiri, kapena amlipira ndi zobvala zakutha. Mkristu asatero, pakuti Yakobo 5:4 acenjeza kuti malipiro obisidwa a wanchito amveka kwa Mulungu. Ngakhale mwana wa Farao, wosadziwa Yehova, analipira woyamwitsa. Ndiponso mlezi wodandaula mumtima sakhalitsa, ndi ana osinthidwa manja kawiri kawiri sakhazikika.

Ubwino wace wa njira iyi pa nyumba ya ana ambiri ndi wakuti malipiro a mlezi sacuruka monga mwa ciwerengero ca ana: mmodzi kapena atatu, mlezi ndi mmodzi yemweyo, ngakhale wa ana atatu ayenera kumuonjezerako. Musankhe munthu wamkulu, wodziwika kwa anansi ndi akulu a mpingo. Mumuonetse khadi la kusikelo, njira ya kucipatala, ndi mnansi womuitana pa tsoka. Mefiboseti anapunduka ali ndi zaka 5 pamene mlezi wace, wokhulupirika ndithu, anamgwetsa pothawa ndi mantha. Munthu wouzidwa kale cocita sacedwa kudzigwira mtima.

Njira yacitatu: mwana kulera mwana mnzace

Njira iyi ioneka yochipa koposa zonse, ndipo pa iyi ndipempha muchere khutu. Makolo auza mwana wao wamkazi wa zaka 10 kuti aleke sukulu asunge ang'ono ace. Kapena atuma mau kumudzi kuti awatumizire kamtsikana ka mbale wosauka, nalonjeza kuti adzakaika pa sukulu. Caka citha, cina cidza, ndipo mtsikanayo akali kucapa matewera.

Pa mwezi palibe kwaca ituruka m'thumba, komabe mtengo ulipo, ndipo aulipira ndi mwana amene sanafunsidwe. Ataya zaka za maphunziro zimene sizibwerera, ndipo mtsikana wosiya sukulu sacedwa kukwatiwa ali wamng'ono. Makanda omwe ali pa ngozi, pakuti mwana wa zaka 10 sangayang'ane mbaula, mphika wa phala ndi khomo nthawi imodzi, ndipo sazindikira malungo poyamba pace. Lamulo liletsa kulemba mwana wosakwana zaka 15 nchito ya m'nyumba. Ndiponso kuyambira January 2022, mu ulamuliro wa Pulezidenti Hakainde Hichilema, sukulu za boma zaleka kulipiritsa, kotero kuti cowiringula ca fizi cinatha.

Wina adzati, nanga mlongo wa Mose sanayang'anire khanda? Inde, koma anaima nthawi yocepa, mai wace ali pafupi, ndipo cinthu citacitika anathamanga kukaitana munthu wamkulu. Mwana kuthandiza amace madzulo ataweruka ku sukulu nkwabwino, ndimo aphunziramo nchito. Koma kumsandutsa mai wa ana atatu tsiku lonse ndiko kugula mtendere wa nyumba ndi moyo wa mwana. Ndipo lonjezo la sukulu loperekedwa kwa mbale wa kumudzi, likapanda kusungidwa, ndilo bodza pamaso pa Mulungu.

Njira yacinai: sukulu ya ana ang'ono

Ambiri aicha nasale. Pa sukulu zina za pulaimale za boma pali makalasi a ana a zaka 3 kufikira 6, ndipo salipiritsa. Mwana aphunzira kusewera ndi anzace, kumvera mphunzitsi ndi kugwira pensulo. Koma salandira makanda, aweruka usana mai akali pa nchito, atseka pa chuthi, ndipo malo acepa.

Nasale za eni ace zisunga ana nthawi yaitali, koma ziwerenga mutu uli wonse. Tiyerekeze kuti nasale ina ifuna K500 pa mwezi. Mwana mmodzi ndiye K500, yocepa kuposa mlezi. Ana atatu ndiwo K1,500, yoposa mlezi, osawerengera yunifomu, nsapato ndi kamba. Musanalembetse, pitani mukaone nokha: ana angati kwa mphunzitsi mmodzi, madzi akumwa acokera kuti, cimbudzi ciri bwanji, ndi mpanda ulipo kodi.

Pafupi ndi Simonga pali citsanzo cokoma. Mu 1996 Vanessa Parker anatsegula kasukulu ka ana 15, koyambira ana a anthu ogwira nchito pa loji ya Tongabezi ndi a m'midzi yozungulira. Sukuluyo aicha Tujatane, ndilo liu la Citonga lonena za kugwirana manja, ndipo inakula nikhala sukulu ya ana mazana, yothandizidwa ndi mphatso za anthu akufuna kwabwino. Sukulu imodzi singalandire ana onse a dera. Koma itiphunzitsa kuti cinthu cacikulu cingayambe ndi ana owerengeka ndi munthu mmodzi woona kusowa kwa anansi ace.

Kuwerenga zonse pamodzi

Tsono bambo ndi mai akhale pansi ndi pepala, onse awiri, pakuti ana si a mai yekha. Alembe msinkhu wa mwana ali yense, maola amene nyumba ikhala yopanda munthu wamkulu, ndi ndalama yolowa. Kawiri kawiri adzapeza kuti njira imodzi siikwana. Wa zaka 4 apite ku kalasi ya boma m'mawa; khanda litsale ndi agogo kapena mlezi; bambo wolonda usiku, atapumula, akatenge mwana masana, ndipo palibe manyazi m'menemo.

Nthawi zina ciwerengero cidzaonetsa kuti mmodzi wa makolo aime nchito kanthawi, monga Hana analeka ulendo wa ku Silo kufikira Samueli ataleka kuyamwa. Njira iyi iri ndi ulemu wace, koma iri ndi mtengo wacenso: nchito yosiyidwa siipezeka msanga, ndipo nyumba ya malipiro amodzi igwa msanga pa tsoka. Anthu a ku Livingstone anaona mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaletsa alendo, kuti nchito ya m'maloji ingathe kuima mwadzidzidzi. Munthu asaweruze mai wopita ku nchito, asanyozenso wotsala panyumba.

Gawo la mpingo

Pobatiza mwana, makolo alonjeza pamaso pa mpingo wonse, ndipo mpingo suli woonerera cabe. Mabanja atatu oyandikana angasonkhe ndalama nalipira mlezi mmodzi wamkulu malipiro okwana, pokhala ana asacuruke koposa mphamvu zace. Nyumba ya chalichi ikhala yotseka pakati pa sabata. Amai a Cigwirizano, atapangana ndi akulu a mpingo ndi kufunsa malangizo kwa a maphunziro ndi a zaumoyo, angasungiremo ana mosinthana, akulu awiri nthawi zonse, maina a ana olembedwa m'buku. Ndipo inu a kumudzi, mau akadza ocokera kutauni opempha mtsikana wa kulera ana, funsani dzina la sukulu imene adzalowa, ndipo pakutha kwa teremu mufune kuona lipoti lace.

Mafunso a kukambirana

1. M'mpingo mwanu muli ana angati amene atsala tsiku lonse opanda munthu wamkulu?
2. Kodi muli mtsikana wa msinkhu wa sukulu amene ali kulera ana a wina? Akulu a mpingo adzacitanji asanayambe teremu ikudzayi?
3. Kodi agogo amene alera adzukulu alandira thandizo lotani kwa eni ana?
4. Wanchito wa m'nyumba ya Mkristu alipidwa bwanji, ndi tsiku liti?

Tipemphere kuti Mulungu, amene anasunga Mose pakati pa bango, apatse makolo nzeru ya kuwerenga bwino, apatse alezi mtima woleza, ndi kuti mwana ali yense wa m'midzi yathu, wobadwa m'nyumba kapena wobwera kudzathandiza, ayesedwe wa mtengo umodzi pamaso pathu. Amen.