Difu Yogwira Mawilo Onse Awiri Nayonso Imatha

Galimoto ikamakhota, mawilo ake awiri akumbuyo sayenda mtunda wofanana. Wilo lakunja limadutsa njira yaitali, lamkati njira yaifupi, monga zimakhalira ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo pamene zikutembenuka: yakunja imachita changu, inzake n'kumaponda pang'onopang'ono. M'galimoto yomwe injini yake imayendetsa mawilo akumbuyo, chimene chimalola mawilo kuzungulira pa liwiro losiyana ndi bokosi la magiya lomwe lili pakati pawo, limene amakaniko amati difu. Difu wamba imagawa mphamvu ya injini mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo kufooka kwake kuli pomwepo. Wilo limodzi likalowa m'matope kapena likapepukidwa pakona, limangozungulira pachabe, ndipo linzake lomwe laponda bwino limalandira mphamvu yochepa yomweyo. Vutoli linakula m'magalimoto a mpikisano a Auto Union ku Germany, amene Ferdinand Porsche anakonza, chifukwa injini zake zinali zamphamvu kwambiri. Kampani ya ZF inawapangira difu yoletsa wilo limodzi kuthawa linzake m'ma 1930, ndipo mu 1957 Chevrolet ku America inayamba kugulitsa yake ndi dzina lakuti Positraction. Difu yotere masiku ano imadziwika ndi zilembo zitatu, LSD.

Eni magalimoto ambiri amaganiza kuti popeza difu ndi chitsulo chotsekedwa, siifuna chisamaliro. Maganizo amenewa ndi amene amaononga LSD zambiri. LSD iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mabuleki ndi kilatchi, m'gulu la zipangizo zimene zimatha chifukwa cha ntchito yomwe zinapangidwira. Tiyeni tione mtundu wofala, wa mapuleti. Mkati mwake muli timapuleti tachitsulo topyapyala, tosanjikizana. Tina timagwirana ndi bokosi la difu, tina timagwirana ndi giya yopita ku wilo, ndipo masipuling'i amatipanikiza pamodzi. Wilo limodzi likafuna kuthamanga kuposa linzake, timapuletiti timakhulana n'kulibweza, motero mphamvu ina imapita ku wilo lomwe lagwira msewu. M'mitundu yambiri, woyendetsa akaponda moto kupanikizako kumaonjezereka. Choncho kugwira konse kwa LSD kumachokera pa kukhulana, ndipo zinthu zikamakhulana zimatentha ndi kuperepeseka. Pakona iliyonse, ngakhale pokhotera pakhomo, timapuleti timatsetsereka pang'ono, apo ayi galimoto sikanakhota bwino.

Choopsa n'chakuti kutha kumeneku kulibe phokoso lalikulu. Mapuleti akapyapyala, masipuling'i sapanikizanso mokwanira, ndipo LSD imasanduka difu wamba mwini wake osadziwa. Galimoto imayendabe bwinobwino pamsewu woongoka. Zizindikiro zimaonekera potuluka pakona: injini imalira kwambiri koma liwiro siliwonjezeka, chifukwa wilo lamkati likungopalasa, ndipo likasiya mkwasa wakuda pa phula umakhala umodzi m'malo mwa iwiri. Palinso vuto lina losiyana ndi limeneli. Pokhota pang'onopang'ono pamalo opanikizika, kumbuyo kwa galimoto kumanjenjemera ndi kumveka gu-gu-gu. Apa mapuleti akugwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, m'malo motsetsereka mosalala. Kawirikawiri cholakwika chimakhala oyilo. LSD ya mapuleti imafuna oyilo wa magiya wokhala ndi mankhwala apadera ofewetsa kukhulana, ndipo botolo lake nthawi zambiri limalembedwa LS, mwachitsanzo 75W-90 GL-5 LS. Mankhwalawa amatha mphamvu ndi kutentha. Oyilo wakale akamakhetsedwa amafotokoza zambiri. Pa bawuti yotsekera pansi nthawi zambiri pamakhala maginito. Phala lotuwa, losalala pakati pa zala, ndi fumbi wamba la kuperepeseka, koma tizidutswa tonyezimira tolasa chala tikusonyeza kuti giya kapena beringi yayamba kusweka.

Matayala nawo amapha LSD mwakachetechete. Tayala lina likakhala latsopano linzake lotha, kapena mpweya ukasiyana kwambiri, kapenanso mukamanga sipeya yaing'ono, mawilo amazungulira pa liwiro losiyana ngakhale msewu uli woongoka. Difu imaona ngati galimoto ikukhota ulendo wonse, ndipo mapuleti amakhulana osapuma.

Wina anganene kuti zonsezi n'za mapuleti basi, ndipo yankho ndi kugula mtundu wopanda mapuleti. Mawu amenewa ali ndi choonadi ndithu. Mtundu wa Torsen, wochokera ku nzeru za Vernon Gleasman wa ku America, umagwiritsa ntchito magiya opotoka okhaokha, ndipo umakhalitsa osafuna kusintha kanthu mkati. Audi yaugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri m'magalimoto ake a quattro. Koma nawonso umagwira chifukwa magiyawo amakhulana ndi kukankhana, ndiye oyilo wabwino ndi wofunikabe. Ulinso ndi malire ake. Umachulukitsa mphamvu yomwe wilo lofooka lagwira, ndiye wilo likanyamuka m'mwamba n'kusagwira chilichonse, palibe choti uchulukitse, ndipo galimoto imaima. Mtundu wachitatu, wa madzi olimba a silikoni, umakhala wotsekeratu. Madziwo akapsa mobwerezabwereza amafooka, ndipo kawirikawiri chimene chimatsala ndi kusintha chipangizo chonse.

Ena amati bwanji osangowotcherera magiya a difu kuti mawilo azizungulira limodzi mpaka kalekale. Anyamata ochita masewera otsetsereka ndi galimoto amachita zimenezi chifukwa n'zotsika mtengo. Pamsewu wa anthu onse imeneyi ndi ngozi. Wilo lamkati limakakamizika kukhukhuluzika pakona iliyonse, matayala amatha msanga, mashafuti amapotoka, ndipo pakagwa mvula kumbuyo kwa galimoto kumathawa mwadzidzidzi. Enanso amadalira kompyuta ya m'galimoto zamakono, yomwe imamanga buleki ya wilo loterera. Njirayi imathandiza, koma kutha sikuchoka, kumangosamukira ku mabuleki, amene amatentha kwambiri galimoto ikathamangitsidwa nthawi yaitali.

Pali njira yodziwira ngati LSD ya mapuleti ikadali ndi mphamvu. Kwezani mawilo onse akumbuyo, galimoto ikhale pa zoimikira zolimba osati pa jeke yokha, mawilo akutsogolo atatsekerezedwa. Zungulitsani wilo limodzi ndi manja giya ili pa fili. Ngati mapuleti akugwira, linzake limazungulira mbali yomweyo. Likazungulira mobwerera kapena likangokhala, mapuleti atha, kapena difuyo ndi wamba. Kuyesa kumeneku sikuthandiza pa Torsen, yomwe ingaoneke ngati difu wamba chonsecho ili bwino. Makaniko wodziwa ntchito amapitirira apa. Amasiya wilo limodzi pansi, n'kupotoza linzake ndi sipanala yoyezera mphamvu mpaka mapuleti atayamba kutsetsereka, kenaka amayerekeza nambala imene wapeza ndi yolembedwa m'buku la galimotoyo. Ikatsika kwambiri, difu imatsegulidwa, mapuleti ndi masipuling'i n'kusinthidwa.