Phunziro: Madzi a Khanda Ali M'bere la Mayi Ake

Tiwerenge ndime izi mosinthana. Pamene pali funso tiime kaye tikambirane, ndipo amene analerapo ana atithandize ndi zimene anaona.

Kukatentha mu Okutobala, kuno ku Manje ngakhale mthunzi umasowa. Mayi akabwera kotunga madzi thukuta lili kamukamu, mwana wa miyezi itatu akulira kumbuyo, sipalephera kupezeka wina womumvera chisoni: "Mwanayu ali ndi ludzu, m'patseniko timadzi." Wonena mawuwa amakhala apongozi, anakubala, kapena mnansi wokoma mtima. Palibe amene amafunira mwanayo zoipa. Komabe timadzi timeneto ndi timene phunziro lathu likukana.

Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi mabungwe a WHO ndi UNICEF, umalangiza kuti mwana ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe chibadwire, ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, kenako ayambe kudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Kuyamwitsa mwakathithi ndi kum'patsa bere lokha, usana ndi usiku, nthawi iliyonse imene wafuna: popanda madzi, tiyi, phala kapena madzi a zitsamba, kupatulapo mankhwala amene achipatala apereka.

Nanga ludzu? Mkaka wa m'mawere ukagawidwa magawo 100, magawo oposa 85 ndi madzi. Umene umayamba kutuluka mwana akangogwira bere umakhala wamadzimadzi ndipo umapha ludzu. Umene umabwera bere likamatha umakhala ndi mafuta ambiri ndipo ndi umene umakhutitsa. N'chifukwa chake si bwino kum'chotsa mwana msanga pa bere limodzi. Ayamwe mpaka alisiye yekha, kenako apatsidwe linalo. Mimba ya khanda ndi yaing'ono kwambiri. Tsiku loyamba imadzaza ndi mkaka wongokwana supuni yaing'ono imodzi kapena kuposa pang'ono. Madzi akalowamo amalanda malo a chakudya, mwana amayamwa pang'ono, ndipo bere likamayamwidwa pang'ono limapanganso mkaka wochepa. Mayi amayamba kudandaula kuti mkaka wauma, phala n'kulowa mwana asanafike. Kawirikawiri vuto limayamba choncho.

Pali chinanso chimene ife a kuno sitifunika kuuzidwa. Tinaona kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tinaonanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, zimbudzi n'kugumuka, mabanja n'kukagona m'makalasi. Pa nthawi ngati imeneyo kapu, supuni, botolo ndi madzi enieniwo, zonse zimatha kunyamula matenda. Khanda limene linkangoyamwa linali ndi chakudya choyera, chofunda, chosafuna makala kapena ndowa. Ndipo mkakawo suli chakudya chokha. Thupi la mayi likakumana ndi tizilombo topezeka pamalo amene akukhala, limapanga chitetezo, ndipo chitetezocho chimadutsira mumkaka n'kukaphimba matumbo a mwana. Ndiye chifukwa chake ana oyamwa mwakathithi sadwaladwala kutsegula m'mimba ndi chibayo, matenda awiri amene amatenga ana ambiri osakwana zaka 5. Mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wonanda, umene ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa, ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka koposa.

Tiime kaye. Kwanu anthu amati chiyani za mkaka wachikasuwu? Ndani m'banja amene mawu ake amamveka kwambiri pa nkhani ya chakudya cha khanda?

Amayi a ku Malawi amayamwitsa, ndipo pafupifupi mwana aliyense amalawa bere. Pamene timapunthwa ndi pa mawu akuti "mwakathithi". Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo anapeza kuti mu 2010, ana 71 mwa 100 aliwonse osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 61, ndipo chimatsika kwambiri mwana akamafika miyezi 4 kapena 5. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Mayi nayenso amapindula. Mwana akamayamwa atangobadwa, chiberekero chimabwerera msanga ndipo magazi satayika ambiri. Kuyamwitsa nthawi yaitali kumachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere, khansa ya m'mabasiketi a mazira ndi matenda a shuga. Kumathandizanso kulera, koma tisanamizane: zimenezi zimadalirika pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Chimodzi chikasowa, akafunse njira ina ku chipatala. Za ndalama sitinena zambiri. Amene anagulapo chitini cha mkaka mu shopu akudziwa masiku amene chimatha.

Mayi amene ali ndi kachirombo ka HIV asachite mantha. Mu 2011 dziko la Malawi linali loyamba kukhazikitsa ndondomeko yotchedwa Option B+, yopereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachiromboka. Akamamwa mankhwala mokhulupirika, mpata wopatsira mwana umachepa kwambiri, ndipo amalangizidwa kuyamwitsa mwakathithi monga wina aliyense. Choopsa ndi kusakaniza bere ndi zakudya zina m'miyezi yoyambayi, kapena kudumphitsa mankhwala.

'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti mayi ndiye mphunzitsi woyamba wa mwana, ndiponso kuti mkaka wa mayi ndi umene umam'yenera khanda koposa, pokhapokha mayiyo atadwala kapena mkaka utaumiratu. Taonani kuti anasiya malo a mayi amene sangathe. Ameneyo tisamuloze chala. Apite ku chipatala akathandizidwe. Ndipo ngati mayi ali mphunzitsi, ife tonse tili ndi funso: kodi tikumupatsa mpata wogwira ntchito yakeyo?

Apa ndi pamene nkhaniyi imalemera. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi tchuthi cha masabata 8 ndi malipiro onse, koma miyezi 6 ndi masabata 26. Ndipo mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, kapena wochapa m'nyumba za anthu, alibe tchuthi n'komwe. Akhoza kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovindikira, n'kuuika pamalo pozizira, kuti wotsala ndi mwana am'mwetse ndi kapu pasanathe maola 4. Koma wotsala ndi mwanayo ayenera kumvetsa chifukwa chake, apo ayi mwana akangolira amutengera phala. Bambo amene amapita yekha kotunga madzi, kugula nsomba, nyemba ndi masamba kuti mkazi wake adye mokwanira, ndiponso kuyankha amayi ake mwaulemu kuti, "Amayi, kusikelo anati tidikire miyezi 6," ameneyo akuyamwitsa nawo.

Mayi akakayika ngati mkaka ukukwanira, ayang'ane matewera ndi khadi la kusikelo. Mwana amene akukodza ka 6 kapena kuposa patsiku, ndipo sikelo yake ikukwera, akukhuta, ngakhale atamalira madzulo. Ngati mawere akupweteka kapena nsonga zang'ambika, kawirikawiri ndi kagwiridwe ka bere: mwana atsegule kukamwa kwambiri, chibwano chikhudze bere, alowetse mbali yaikulu ya pakuda paja, osati nsonga yokha. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amaonetsa zimenezi kwaulere.

Tikambirane: tiyerekeze kuti mwapita kukaona mnansi, mwapeza agogo akukonza phala la mwana wa miyezi 3 pamene mayi wake ali ku geni. Mungayambe bwanji kulankhula nawo kuti asaone ngati mukunyoza m'mene analerera ana awo? Awiri ayesere zimenezi pamaso pa gulu. Kenako aliyense aganizire mayi mmodzi woyamwitsa wa m'dera lake, ndi ntchito imodzi ya pakhomo imene angamulandire sabata ino.