Sing'anga Akalakwitsa, Amamufunsa Ndani?

Ambiri a ife amene tinakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tinalawa kuwawa kwa muwawani tisanamwepo panado. Mwana akatsegula m'mimba usiku ku Nthondo kapena ku Mvera, chipatala chili kutali, wakabaza atagona, amene ali pafupi ndi gogo wodziwa mizu. Pa tsiku la msika ku Mponela, makungwa ndi mabotolo a mankhwala azitsamba amayalidwa poyera. Lero sitikufunsa ngati mankhwalawa amachiza. Tikufunsa kuti: wopereka mankhwala akapweteka munthu, amakayankha kwa ndani?

Dokotala ali pansi pa Medical Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, lomwe lingamufufute m'kaundula ntchito n'kuthera pomwepo. Anamwino ali ndi Nurses and Midwives Council. Asing'anga ali ndi mabungwe amene anadzipangira okha, monga Malawi Traditional Healers Umbrella Organisation. Bungwe lotere lingapereke khadi la umembala, kulangiza, ngakhale kuchotsa wolakwa. Koma wochotsedwayo mawa lake akhoza kukayala mphasa pamsika womwewo, chifukwa odwala safunsa khadi.

Kufooka kumeneku kunaonekera mu June 2016. Kuphedwa kwa anthu achialubino kutafika poipa, Jaji Dingiswayo Madise wa Khoti Lalikulu ku Mzuzu anapereka chiletso choti asing'anga ndi oombeza asiye ntchito, ndiponso kuti nyuzipepala ndi mawailesi zileke kulengeza malonda awo. Atsogoleri a asing'anga anayankha kuti sing'anga weniweni amagwiritsa ntchito mizu, makungwa ndi masamba, osati mafupa a anthu; ochita zimenezo ndi mbava zobisala m'dzina lawo.

Yankholi lili ndi choonadi, ndipo gogo wa ku Nthondo uja analangidwa pa mlandu umene sanapalamule. Komabe ife tikuliona loperewera. Ngati enieni alipo ndipo abodza alipo, mayi wa kumudzi awasiyanitsa bwanji? Mndandanda wa enieniwo angauwerenge kuti? Ndi angati anaperekedwa kupolisi ndi anzawo? Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Bungwe limene silichotsa yoolayo lisadabwe anthu akakana dengu lonse.

Vutoli si la kwathu kokha. Ku Ulaya kuli njira yochizira yotchedwa homeopathy, imene anayambitsa Mjeremani Samuel Hahnemann mu 1796. Amatenga dontho la mankhwala n'kulisakaniza ndi madontho 99 a madzi, kutapamo dontho limodzi n'kusakanizanso, nthawi zina mpaka maulendo 30. Pofika pamenepo m'botolo mumakhala mutatsala madzi okhaokha. Mu 2010 komiti ya aphungu a ku Britain yoona za sayansi inapeza kuti mankhwalawa saposa piritsi lopanda kanthu. Ngakhale zinali choncho, mu 2014 Society of Homeopaths inavomerezedwa ndi Professional Standards Authority kuti izisunga kaundula wa mamembala ake ndi kuwayang'anira yokha. Anthu anadandaula kuti mamembala ena akufooketsa makolo pa za katemera ndi kulonjeza kuthandiza ana a autism ndi njira zopanda umboni. Bungweli linapatsidwa mpata woti likonze zinthu, koma mu January 2021 chivomerezo chija chinaimitsidwa. Taonani chimene chinawagwetsa. Sunali mkangano wa madontho aja ayi, koma kulephera kudzudzula anzawo pamene ana anali pachiopsezo.

N'chifukwa chiyani kudziyang'anira kumavuta chonchi? Bungwe limadya ndalama za umembala za anthu omwewo amene liyenera kuwalanga. Wodzudzula akabwera, mtima umathamangira kuteteza dzina la ntchito, wodwala n'kuiwalika. Tisanaloze chala asing'anga okha, tivomereze kuti nafenso mawa tikavala yunifomu tidzayesedwa chimodzimodzi mnzathu akalakwitsa pa wodi.

Muyeso wabwino kwathu kuno ndi mwanamphepo, mankhwala amene amayi ena amamwa kuti matenda a kubereka afulumire. Azachipatala akhala akuchenjeza kuti amalimbitsa chiberekero mopyola muyeso, mwina mpaka kung'ambika, mwana n'kubanika. Palibe akudziwa mphamvu ya kapu imodzi, pakuti muzu wokumbidwa m'dzinja sufanana ndi wa m'chilimwe. Bungwe lofunadi kukhulupiridwa lingayambire apa: kuletsa mamembala kupatsa mayi woyembekezera mankhwalawa, kuletsa aliyense kuuza wodwala kuti asiye ma ARV, ndi kulamula kuti wotsokomola milungu iwiri atumizidwe kukayezetsa TB. Kenako lilembe m'buku wodwala aliyense wotumizidwa kuchipatala, ndipo dzina la wochotsedwa lifike kwa mfumu ndi kwa mlangizi wa zaumoyo.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Lamulo la 2019 linakhazikitsa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yoyang'anira mankhwala m'dziko muno. Koma kuchokera ku maofesi ake ku Lilongwe kukafika pa mphasa ya ku Malomo ndi mtunda, ndipo botolo logulitsidwa pamenepo kawirikawiri silikhala ndi dzina la wopanga, muyeso, kapena tsiku limene linafululidwa.