Mpamba ndi Phindu: Phunziro Lochokera ku Kachulu

Ophunzira ambiri akamva za kayendetsedwe ka chuma amaganiza za makampani a ku Blantyre. Chimangirizo ichi chikuonetsa kuti mfundo zomwezo zimagwiranso ntchito padoko la Kachulu, kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa, kumene anthu amadalira matemba, milamba ndi makumba. Mfundo yaikulu ndi yakuti wamalonda wanzeru amateteza mpamba asanaganize zodya phindu.

Poyamba, tiyenera kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Tiyerekeze kuti mayi wina waoda matemba a K100,000 ndipo wakawagulitsa ku Limbe pa K140,000. Iye sanapindule K40,000 ayi. Achotsepo kaye ndalama yoyendera, chiphaso cha mumsika, chakudya ndiponso mtengo wa nsomba zimene zaonongeka panjira. Ngati zonsezi zakwana K25,000, phindu lenileni ndi K15,000 basi. Akatengapo K40,000 n'kugwiritsa ntchito pakhomo, ndiye kuti wayamba kudya mpamba mosadziwa.

Kachiwiri, pali mitundu iwiri ya mpamba. Wina umakhala m'katundu wokhalitsa monga bwato ndi ukonde, pamene wina ndi ndalama yozungulira tsiku ndi tsiku. Msodzi amene wathera ndalama zonse pogula bwato lachiwiri amasowa yokonzetsera ukonde ukang'ambika, ndipo amathamangira kwa akatapila. Chiwongoladzanja chikaposa phindu limene ngongoleyo ikubweretsa, malondawo amakhala akugwirira ntchito wobwereketsa.

Kachitatu, si bwino kudalira chinthu chimodzi. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linaumanso. M'zaka zoterezi mabwato amangokhala pamatope, osabweretsa ngakhale tambala. Banja limene linaikako gawo la phindu pa ulimi wa mpunga, pa mbuzi kapena ku banki m'khonde limakhala ndi poyambira. Komabe tizindikire kuti mpunga nawonso umalira madzi omwewo, choncho ndi bwino kukhalanso ndi ntchito imene chilala sichingaigwetse, monga kusoka zovala kapena kaokala.

Pomaliza, ndalama yongosungidwa m'nyumba imatha mphamvu. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu inakwera. Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anataya gawo la mpamba wake popanda wakuba kulowa m'nyumba.

Mwachidule, wamalonda wa ku Kachulu aziwerengetsa zonse zimene waononga, azisamala ndi ngongole, ndipo chaka cha nsomba zambiri azikumbukira kuti nyanjayi inaphwapo kale. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda uoneka. Pamalonda, khosilo ndi mpamba.